Justin Malewezi: mlembi wa boma amene adafika pa mpando wa unduna

Boma latsopano likangolowa, maso a anthu amathamangira pa mndandanda wa nduna. Ndi ochepa amene amafunsa za alembi aakulu a m'maunduna, chonsecho iwowa ndiwo amasunga mafaelo, kusaina ndalama ndi kuyendetsa ntchito za boma tsiku ndi tsiku ku Capital Hill. Ndi Amalawi owerengeka okha amene adakhalapo pa mipando yonse iwiri, ndipo mmodzi mwa iwo ndi malemu Justin Chimera Malewezi, amene adatsogolerapo onse ogwira ntchito m'boma mu ulamuliro wa Kamuzu Banda, kenako n'kudzakhala nduna komanso wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino kwa zaka khumi.

A Malewezi adabadwa pa 23 December 1943 m'boma la Ntchisi. Sukulu ya sekondale adaphunzira ku Robert Blake, pa Kongwe m'boma la Dowa, ndipo mu 1967 adatenga digiri ku Columbia University mumzinda wa New York ku America. Atabwerako adayamba ndi choko, kuphunzitsa sayansi m'sukulu za sekondale. Adakwera n'kukhala mphunzitsi wamkulu, kenako mkulu woyang'anira maphunziro ku likulu la unduna, asanakhale mlembi wamkulu m'maunduna angapo kuphatikizapo wa zamaphunziro, wa zaumoyo ndi wa zachuma. Mu 1989 adafika pa nsonga, pomwe adasankhidwa kukhala mlembi wamkulu mu ofesi ya mtsogoleri wa dziko ndi nduna zake.

Mlembi ndi nduna amasiyana pati?

Gawo 93 la malamulo oyendetsera dziko lino likuti nthambi iliyonse ya boma iziyang'aniridwa ndi mlembi wamkulu, amene ndi wogwira ntchito m'boma, koma azigwira ntchito motsogoleredwa ndi nduna. Nduna ndi wandale. Amasankhidwa ndi mtsogoleri wa dziko, amaimira mfundo za boma pamaso pa anthu ndi m'Nyumba ya Malamulo, ndipo akhoza kuchotsedwa tsiku lililonse. Mlembi wamkulu ndiye amasandutsa mfundozo kukhala ntchito yooneka. Ndiye amayankha pa kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za unduna, n'chifukwa chake ndalama zikasokonekera, komiti ya aphungu younika chuma cha boma imaitana iyeyo. Pamwamba pa alembi onsewa pali mpando umene a Malewezi adakhalapo: mwini wake amakonza zokambirana za nduna, amasunga zomwe zagwirizanidwa, ndipo amazipereka ku maunduna kuti zichitike.

M'nthawi ya chipani chimodzi mpandowu udali ndi mphamvu zoposa za lero. Kamuzu ankadzisungira yekha maunduna angapo, monga wa zaulimi ndi woona za ubale ndi maiko ena, kotero ntchito yambiri inkagwera alembi. Nduna nazo zinkayenda mwamantha, makamaka chichitikireni imfa ya Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi phungu David Chiwanga ku Mwanza mu May 1983. Kukhala pafupi ndi mtsogoleri kudali kuotha moto woti ukhoza kukutentha nthawi ina iliyonse. Mu 1991 a Malewezi adachotsedwa pa mpandowo.

Kulowa ndale

Kuchotsedwako kudadza mphepo itayamba kale kusintha. Pa 8 March 1992 maepiskopi a mpingo wa Katolika adatulutsa kalata yodzudzula boma, mu April Chakufwa Chihana adamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe, ndipo mu May maiko othandiza dziko lino adaimitsa thandizo lalikulu. A Malewezi adalowa m'gulu limene lidadzakhala chipani cha UDF. Pa 14 June 1993 Amalawi adavotera ulamuliro wa zipani zambiri, ndipo pa chisankho cha pa 17 May 1994 Bakili Muluzi adapambana ali ndi a Malewezi ngati womutsatira.

Awiriwa ankakwanirana. A Muluzi adali katswiri pa nsanja ya msonkhano ndipo mphamvu zawo zidali kummwera. A Malewezi adali ochokera m'chigawo chapakati, kuchimake kwa MCP, ndipo ankadziwa mmene boma limayendera mkati mwake: momwe bajeti imakonzedwera, momwe amakambirana ndi mabungwe a IMF ndi World Bank, ndiponso pomwe mafaelo amakonda kugona. Pambali pa uchiwiri, pa nthawi zosiyanasiyana adayang'aniranso unduna wa zachitetezo, wa zachuma, ndi ntchito yogulitsa makampani a boma. Adatsogoleranso komiti ya nduna yolimbana ndi Edzi pa zaka zimene ambiri ankachita manyazi kuitchula nthendayi pagulu.

Kusiyana kwa ntchito ziwirizi kudaonekera poyera boma la UDF litangolowa. Mu 1994 lidathetsa fizi m'sukulu za pulaimale monga lidalonjezera pa kampeni, ndipo chiwerengero cha ana chidalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Pa ndale, lonjezo lidakwaniritsidwa. Kwa alembi, idali nkhani yosowa makalasi ndi mabuku, ndi kulemba ntchito zikwi za aphunzitsi osaphunzitsidwa mokwanira. Wandale amafunsa ngati anthu akondwa, pomwe mlembi amafunsa komwe kuchokere ndalama. Munthu wodziwa zonse ziwiri ndi wofunika pa tebulo la nduna, koma si nthawi zonse pamene mawu ake amapambana.

Malire a ukadaulo

Mu July 2002 bilu yochotsa malire a materemu a mtsogoleri wa dziko idagwa m'Nyumba ya Malamulo itaperewera mavoti atatu. Njira ya teremu yachitatu itatsekeka, a Muluzi adasankha Bingu wa Mutharika kuti adzaimire UDF, kudumpha akuluakulu amene adamanga chipanicho, kuphatikizapo wachiwiri wawo. Kumayambiriro kwa January 2004 a Malewezi adatuluka m'chipanicho. Sadachotsedwe pa uchiwiri, chifukwa malamulo salola mtsogoleri kuchotsa wachiwiri amene adasankhidwa naye limodzi pa chisankho. Mkangano wa mtundu umenewu udadzabwereranso pa nthawi ya Cassim Chilumpha, Joyce Banda ndi Saulos Chilima.

Pa chisankho cha pa 20 May 2004 a Malewezi adapikisana nawo pa utsogoleri wa dziko, koma adathera kumapeto mwa anthu asanu, osafika pa mavoti atatu mwa 100 aliwonse. Kwawo ku Ntchisi kokha ndiko anthu adawapatsa mpando wa uphungu. Zaka zoposa 20 za m'maofesi a boma zidawapatsa ulemu ndi luso, koma sizidawapatse chipani chokhala ndi nthambi m'midzi. Atapuma pa ndale adadzipereka pa ntchito yosunga chikhalidwe cha Achewa kudzera m'bungwe la Chewa Heritage Foundation. Adamwalira pa 17 April 2021 ali ndi zaka 77.

Njira imene adadutsayi ena aitsata, monga Bright Msaka amene adakhalapo mlembi wamkulu wa boma asanakhale nduna mu ulamuliro wa Peter Mutharika. Malamulo sakana zimenezi, koma amaika mpanda: gawo 193 likufuna kuti ogwira ntchito m'boma asalole ndale kusokoneza ntchito yawo, ndipo wofuna kuimira uphungu ayenera kutula pansi ntchito ya boma kaye. Chifukwa chake n'chodziwikiratu. Mlembi amene akusuzumira mpando wa unduna akadali mu ofesi savuta kusaina chimene amayenera kukana, ndipo boma likasintha amasesedwa pamodzi ndi andale, n'kupita ndi luso lonse limene dziko lidalipirira. A Malewezi adalowa ndale atatuluka kale pa khomo la Capital Hill, ndipo umu ndi mmene malamulo athu akufunira kuti zizikhalira.