Mphamvu ya Mseu wa mu Mgodi Ili Pansi pa Nthaka

Pa raundabauti ya Kameza, pamene mseu wochokera ku Zalewa ndi Lunzu umakumana ndi wopita ku Chileka, pamadutsa malole olemera usana ndi usiku. Ambiri mwa iwo amachokera ku chipata cha Mwanza atasenza mafuta, feteleza ndi katundu wina. Malamulo a pamseu salola kuti lole pamodzi ndi katundu wake ipitirire matani 56, ndipo n'chifukwa chake boma lidaika masikelo m'malo ngati Mwanza ndi Balaka.

Kwa ife lole yotere ndi yaikulu zedi. Koma kuseri kwa malire, ku Moatize m'chigawo cha Tete, kampani ya Vale itayamba kukumba malasha mu 2011 idabweretsa magalimoto a mtundu wa Caterpillar 797F. Imodzi imanyamula matani 363, ndipo ikadzaza imalemera matani opitirira 620. Kulemera konseko kumakhala pa matayala asanu ndi limodzi, lililonse lotalika pafupifupi mamita 4. Izi zikutanthauza kuti tayala limodzi limasenza matani opitirira 100, kuyandikira malole awiri odzaza a pa Kameza paja. Kodi mseu woyendamo galimoto yotere umamangidwa bwanji kuti usaphwanyike?

Funsoli likutikhudza ifenso. Mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera ku Karonga, umene udatsekulidwa mu 2009 n'kuima mu 2014, udayambanso ntchito mu 2025 pansi pa kampani ya Lotus Resources. Chaka chomwecho kampani ya Lindian Resources idayamba zomangamanga pa phiri la Kangankunde ku Balaka. Magalimoto a m'migodi yathu ndi aang'ono poyerekeza ndi a ku Moatize, koma nzeru yomangira miseu yake ndi imodzimodzi.

Kuyamba ndi dothi

Mainjiniya asanathire mwala ndi umodzi womwe, amayamba apima mphamvu ya dothi la pamalopo. Muyeso wodziwika kwambiri umatchedwa CBR, ndipo udayambira ku California m'dziko la America. Muyesowu umayerekeza kulimba kwa dothi ndi kulimba kwa miyala yophwanya yabwino, imene imapatsidwa nambala 100. Dothi lakuda la makande, lija limatupa likanyowa n'kung'ambika likauma, nthawi zambiri silifika ngakhale pa 5. Dothi lofiira losakanikirana ndi nsangalabwi limakwera kuposa pamenepo.

Tayala likaponda, kulemera kwake kumamwazikana pamene kukutsikira pansi, monga momwe nkhata imamwazira kulemera kwa mtsuko pamutu. Ntchito ya injiniya ndi kuika miyala yokwanira pamwamba pa dothi, kotero kuti kulemera kukamafika pa dothilo kukhale kutachepa mpaka pamlingo umene lingathe kupirira. Dothi likakhala lofooka, kapena tayala likakhala lolemera kwambiri, miyalayo iyenera kukhala yochindikala. Pa miseu ya magalimoto akuluakulu imapitirira mita imodzi, ndipo pa dothi lofooka imatha kufika mamita awiri.

Njira imeneyi idafalikira m'migodi pambuyo pa buku la malangizo limene Kaufman ndi Ault adalembera nthambi yoona za migodi ya boma la America mu 1977. M'zaka za m'ma 1990, Roger Thompson ndi Alex Visser a ku yunivesite ya Pretoria adaipititsa patsogolo powerengera momwe gawo lililonse la mseu limapindikira tayala likamadutsa. Kafukufuku wawo adaonetsa kuti miyala yophulitsa ya mu mgodi momwemo, ikasankhidwa bwino ndi kutsendereka mokwanira, imapanga maziko olimba pamtengo wotsika.

Magawo a mseu

Pansi penipeni pamakhala dothi la pamalopo, atalichotsa mizu ndi matope n'kulitsendera. Pamwamba pake amayala miyala ikuluikulu yophulitsa, ndipo amaiponda ndi makina olemera mpaka italeka kugwedera. Kenaka pamabwera miyala yocheperako yotseka mipata. Pomaliza amathira gawo lapamwamba, lochindikala masentimita 15 mpaka 20, losakaniza miyala ing'onoing'ono, mchenga ndi dongo pang'ono.

Kusakaniza kumeneku kumafuna diso. Dongo likachuluka, mseu umaterera nthawi ya dzinja ndipo umatulutsa fumbi lochuluka m'chilimwe. Likachepa, miyala imabalalika ndipo mseu umachita mizeremizere ngati malata.

Ena angadabwe kuti kampani yolemera chotere ikulekeranji kuthira phula. Chifukwa chake n'chakuti mseu wa mu mgodi umasuntha pamene dzenje likukula. Komanso miyala yogwa m'magalimoto ndi makina oyenda pa matcheni zimang'amba phula msanga, pamene mseu wa miyala amausalaza ndi makina tsiku lomwelo ntchito n'kupitirira.

Madzi ndiye mdani wamkulu

Dothi limene linali lolimba mu Okotobala limasanduka phala mu Januwale likamwa madzi. Choncho mseu amaupendeketsa pang'ono, masentimita 2 mpaka 4 pa mita iliyonse, kuti mvula ithawire m'ngalande za m'mbali. Ngalandezo ziyenera kukhala zakuya ndi zosatsekeka, chifukwa madzi akaima pambali amalowerera n'kufewetsa maziko, ngakhale pamwamba pakuoneka pouma.

Mseu wofewa umadya ndalama. Tayala likamatitimira, galimoto imakhala ngati ikukwera chitunda ngakhale pamalo athyathyathya. Kutitimira kwa masentimita 5 kumafanana ndi kuonjezera chitunda chokwera mamita 3 pa mamita 100 aliwonse. Dizilo amatha wambiri, ulendo umachedwa, ndipo matayala, amene ndi okwera mtengo kwambiri, amang'ambika nthawi yake isanakwane.

Moyo wa anthu

Kamangidwe ka mseu kamateteza moyo wa antchito. Mseu wodutsana magalimoto awiri umayenera kutambalala katatu ndi theka kuyerekeza ndi m'lifupi mwa galimoto yaikulu kwambiri, kotero kuti wa 797F umapitirira mamita 30. Chitunda nthawi zambiri sichipitirira mamita 8 mpaka 10 pa mamita 100 aliwonse, kuopa kuti mabuleki angatenthe potsika. M'mphepete mwa phompho amaunjika mulu wa miyala ndi dothi wotalika osachepera theka la tayala, woti ubweze galimoto ikasochera. Fumbi nalonso amalithira madzi mwamuyeso, pakuti likachuluka dalaivala saona patsogolo, ndipo madzi akapyola mseu umaterera.

Phunziro kwa ife

Magalimoto a mu mgodi saloledwa pa miseu ya boma. Malasha ambiri a ku Moatize, kumene kampani ya Vulcan idalowa m'malo mwa Vale mu 2022, amayenda pa njanji yodutsa m'dziko muno kudzera ku Nkaya kupita ku doko la Nacala. Komabe mgodi uliwonse umafuna dizilo, simenti, mankhwala ndi makina, ndipo zambiri mwa izi zimadzera pa miseu yomwe tonse timayendapo.

Apa pali mfundo imene idapezeka pa kafukufuku wamkulu wa miseu ku Illinois m'dziko la America pakati pa 1958 ndi 1960: kulemera kwa pa ekiselo kukawirikiza kawiri, kuonongeka kwa mseu kumawirikiza pafupifupi ka 16. Lole imodzi yopyola muyeso imaononga mseu kuposa galimoto zing'onozing'ono zikwizikwi. Zomwezi zimachitika pamene magalimoto onyamula mchenga ndi miyala ya kwale alowa m'timiseu ta ku Machinjiri, Chilomoni kapena Bangwe, timene sitidamangidwire katundu wotere, makamaka ngalande zake zikakhala zodzaza zinyalala.

Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Migodi imabweretsa ntchito ndi misonkho, koma imabweretsanso fumbi, phokoso ndi maenje ngati palibe dongosolo. Malamulo a dziko lino amafuna kuti ntchito yaikulu isanayambe pachitike kafukufuku wa momwe idzakhudzire chilengedwe ndi anthu, ndiponso kuti eni dera afunsidwe maganizo. Mafumu, makatekisiti ndi atsogoleri a m'miphakati amene amaitanidwa ku misonkhano yotere ali ndi ufulu wofunsa mafunso omveka. Kodi malole adzadzera mseu uti, ndipo adzakhala angati pa tsiku? Kodi dothi la mseuwo lidapimidwa nthawi ya mvula? Madzi a m'ngalande adzathera m'munda mwa yani? Fumbi adzalithana nalo bwanji pafupi ndi sukulu ndi chipatala? Nanga mseu ukaonongeka adzaukonza ndani, ndipo lonjezo limenelo lalembedwa pati?

Mayankho a mafunso amenewa ayenera kuperekedwa makina asanafike, pakuti maziko a mseu akakwiriridwa, kuwakonza kumafuna kufukula mseu wonse.