Chifukwa Chake Laibulale Inaima Masiku Awiri

Anzanga ambiri akhala akundifunsa za masiku awiri aja amene sitinathe kubwereka mabuku teremu yatha. Mlandu ndi wanga ndithu, tsono ndiloleni ndilongosole.

Pologalamu yathu yobwereketsa mabuku inalembedwa m'chiyankhulo cha makompyuta chotchedwa Python. Koma iyo payokha siitha kulandira alendo. Pa khomo pake pamaima pologalamu ina, dzina lake Gunicorn, ndipo nchito yake ndiyo kulandira pempho la munthu, kulipereka m'kati, ndi kubwera nalo yankho. Wathuyo anali wa nambala 19, wokalamba kwabasi.

Mu April 2024 eni ake anatulutsa Gunicorn 22.0, natseka chiboo chimene munthu wachinyengo akadatha kulowetsera pempho loipa atalibisa m'kati mwa pempho labwino. Ine nditawerenga zimenezi sindinafunse munthu ai. Ndinachotsa wakaleyo pa makompyuta athu onse awiri kuti ndiike watsopano. Ya mu ofesi inamlandira bwino, koma ya m'laibulale inakana kwa mtu wa galu.

Chifukwa chake ndi ichi. Kompyuta ya m'laibulale iri ndi Python 2.7 wa chaka cha 2010, amene analeka kumsamala pa 1 January 2020. Gunicorn anasiyana naye Python 2 kuyambira pa nambala 20.0 mu 2019, ndipo 22.0 afuna Python 3.7 kapena woposa pamenepo. Ife sitingamchotse Python 2 msanga, popeza kachigawo kowerenga manambala a mabuku kanalembedwera iye yekha.

Aphunzitsi athu a masamu ndiwo anandionetsa njira, atatha kundidzudzula pang'ono monga kunayenera. Pa mndandanda wa zinthu zimene pologalamu ifuna munthu akhoza kulemba mizere iwiri, uli wonse ndi lamulo lake: pamene pali Python 2 paikidwe Gunicorn 19.10, pamene pali Python 3 paikidwe 22.0. Kompyuta iri yonse imadzisankhira mzere wake.

Komatu musayese kuti tachira. Chiboo chija chikadalipo pa 19.10, nchifukwa chake kompyuta ya m'laibulale taichotsa pa intaneti, ingolankhula ndi za pa sukulu pano basi. Loweruka liri lonse tikulembanso kachigawo kaja mu Python 3, ndipo nchitoyi ifuna maso: Python 2 akagawa 7 ndi 2 amati 3, pamene Python 3 amati 3.5. Mzere wowerenga chindapusa cha ochedwa kubweza mabuku tauyesa kale katatu.