Mphoto ya Pumani ndi maphunziro a MECOR: za mapapo a ana athu

Mu 2013, kampani ya GSK ndi bungwe la Save the Children adapereka mphoto ya madola 400,000 chifukwa cha Pumani, makina othandiza makanda kupuma. Makinawa adayamba ngati ntchito ya ophunzira a pa yunivesite ya Rice ku America, mothandizana ndi madokotala a ana a pa chipatala cha Gulupu ku Blantyre. M'kati mwake adaikamo timapampu topopera mpweya m'magalasi owetera nsomba, ndi botolo la madzi lomwe limabwata thovu khanda likamapuma. Dr Kondwani Kawaza ndi anzake adapeza kuti pa makanda 100 alionse obanika, 71 ankapulumuka akaikidwa pa makinawa, pamene mwa opatsidwa okosijeni yekha ankapulumuka 44. Mphoto yotereyi palibe angainyoze, ndipo idathandiza kuti makinawa afike m'zipatala zina.

Thandizo lina silimveka kwambiri pa wailesi. Mu 2007 bungwe la Pan African Thoracic Society lidayambitsa, muno m'Malawi, maphunziro otchedwa PATS MECOR. Dokotala kapena wazachipatala wachinyamata amapita ndi funso lomwe lamusowetsa tulo kuwodi, nakhala sabata imodzi ndi akadaulo mpaka funsolo litasanduka ndondomeko ya kafukufuku. Chaka china amabwerera ndi manambala ake kudzaphunzira kuwasanthula, kenako kulemba zomwe wapeza.

Kusiyana kwagona pa nthawi. Mphoto imabwera ntchito itaoneka kale, ndipo oipereka amadziwa chomwe akulipira. Wothandiza wofufuza wongoyamba amakhala ngati wopereka feteleza wangongole fodya akadali kunazale: mwina adzakolola, mwina ayi. Ena amasiyira panjira, ena akaphunzira amakagwira ntchito kunja, ndipo zimenezi n'zowawa kwa amene adaikapo ndalama.

Komabe mphoto ili ndi vuto lake, poti anthu akaomba m'manja amaiwala kufunsanso. Ku chipatala cha Salima ofufuza adayesa njira yomweyi yothandiza kupuma, yotchedwa CPAP, pa ana 644 odwala chibayo chachikulu, okulirapo kuposa makanda aja, ena mwa iwo ali onyentchera kapena okhudzidwa ndi HIV, m'wodi momwe dokotala sankawaona tsiku ndi tsiku. Zotsatira za mu 2019 zidadabwitsa: pa CPAP adamwalira 17 pa 100 alionse, pa okosijeni wamba 11. Kafukufukuyo adaimitsidwa asanathe. Makanda a ku Gulupu adapulumukadi, izo n'zoona. Kungoti wodi ya chipatala cha boma laling'ono ndi ina, ndipo pamafunika munthu wodziwa kuwerenga maliro mosakondera kuti zimenezi zidziwike.

Ku Kasungu nkhaniyi imandikhudza mwapadera. Fodya asanafike ku okushoni ya Chinkhoma amadutsa m'manja ambiri, ena mwa iwo aang'ono. Lipoti la bungwe la Plan la mu 2009, lomwe lidamva kwa ana a ku Kasungu, Lilongwe ndi Mzimba, lidati mwana wothyola fodya wonyowa angamwe kudzera pakhungu nikotini wofika mamiligalamu 54 pa tsiku, wofanana ndi ndudu 50. Zimenezo n'za pakhungu. Nanga fumbi la m'chigafa nthawi yosankha ndi kudinda mabelo, lomwe limayetsemulitsa ngakhale wamkulu? Nanga utsi wa m'mabani, ndi khanda lomwe lili kumbuyo kwa mayi ake tsiku lonse pamene iwo akusoka fodya? Mayi akafika kuchipatala amangoti, "Mwanayu akutsokomola usiku, m'chifuwa mukulira," ndipo amapatsidwa mankhwala nabwerera kuesiteti komweko.

Mafunso amenewa alibe makina oti n'kuwajambula, choncho sakopa mphoto msanga. Ine ndikadakhala wogawa ndalama, gawo lalikulu ndikadaika kwa wachinyamata wogwira ntchito pa chipatala cha Kasungu, wodziwa nyengo yomwe matenanti amafika ndi yomwe amachoka. Zofuna zake si zambiri: kachipangizo koyezera mphamvu ya mapapo, njinga yamoto ndi mafuta ofikira ku Santhe ndi ku Chamama, mphunzitsi womuyankha akasokonezeka ndi manambala, ndi wina womugwirira ntchito kuwodi masiku omwe iye ali kumidzi.