MASIKU ANAYI M'NYUMBA YA MATAYALA PA GOMBE LA NYANJA YAMCHERE



Ndi midzi yochepa ya m'mbali mwa nyanja yathu, kuyambira ku Makanjira mpaka ku Nkhotakota, imene ilibe mwana wake ku Joni, ndipo ambiri mwa ana amenewa ali mumzinda wa Durban. Ena Allah wawadalitsa, akhazikika, ndipo masiku ano amaitana makolo ndi abale kuti akaone kumene akukhala. Alendo akafika, eni nyumba amafuna kuwatenga kukapuma ku nyanja monga amachitira anthu a kumeneko. M'kope lino tifuna tikufotokozereni za mtundu wina wa malo opumirako umene eni ake amati caravan park, mmene Msilamu angakhalireko osataya Deeni yake, ndiponso zimene ife a kunyanja tingatoleko.

KALAVANI NDI CHIYANI?

Kalavani ndi kanyumba ka matayala kamene amakakoka ndi galimoto. M'kati mwake muli mabedi, tebulo lopinda, makabati, firiji yaing'ono ndi chitofu cha gasi. Panja amamangirirako tenti yaikulu imene imasanduka khonde ndi chipinda chogona ana. Palinso ina imene nyumba ndi galimoto zili pamodzi, woyendetsa akungodzuka pampando n'kulowa kuchipinda. Lamulo la ku South Africa limati wokoka ngolo yolemera kupitirira makilogalamu 750 akhale ndi laisensi ya EB, pakuti ya B imene ambiri ali nayo siyikwanira. Amene alibe kalavani yakeyake angathe kubwereka, ndipo m'malo ena eni ake amakuimikiranitu pamalo, inu n'kungofika ndi zovala ndi chakudya.

Ife tidakhala mausiku anayi kumapeto kwa June 2024 pa malo ena otere kufupi ndi tauni ya Margate, mtunda wa makilomita pafupifupi 130 kumwera kwa Durban. Gombe lonse limeneli, kuyambira ku Amanzimtoti, kudutsa Scottburgh, Hibberdene ndi Port Shepstone mpaka ku Port Edward, n'lodzaza ndi malo oterewa. Madzi ake ndi ofunda chifukwa cha mtsinje wa m'nyanja wotchedwa Agulhas umene umatsika kuchokera cha ku Mozambique, n'chifukwa chake anthu a ku Johannesburg amathamangirako ngakhale nthawi ya chisanu.

Malo apamwamba amasiyana ndi wamba pa zinthu zingapo. Pachipata pamakhala mlonda usana ndi usiku. Banja lililonse limapatsidwa dera lake la kapinga lokhala ndi nambala, mpopi wa madzi ndi bokosi la magetsi. Zimbudzi ndi mabafa zimakhala m'nyumba imodzi yotsukidwa kangapo patsiku, ndipo ena amapereka bafa la banja limodzi lokha, lotseka ndi kiyi. Pamakhalanso pochapira, potsukira mbale, sitolo, dziwe losambiramo ndi bwalo la ana. Mtengo wake umakwera kwambiri m'mwezi wa December ndi pa tchuthi cha Pasaka, pamene malo amasungitsidwa miyezi ingapo nthawi isanakwane.

GOMBE LIMENE LIDALI LOLETSEDWA

Achinyamata ayenera kudziwa kuti si kale kwambiri pamene munthu wakuda kapena Mmwenye sakanaponda pa malo amenewa, pokhapokha ngati wantchito. Lamulo la tsankho la 1953 lidagawa magombe, mabasi, mapaki ndi zimbudzi potsata khungu, ndipo magombe abwino adali a azungu okha. M'mwezi wa November 1989 Pulezidenti F.W. de Klerk adalamula kuti magombe atsegulidwe kwa anthu onse, ndipo lamulo lija lidathetsedwa mu 1990.

Chonsecho Asilamu adakhala m'mbali mwa nyanja imeneyi kuyambira kalekale. Amwenye oyamba odzagwira ntchito m'minda ya nzimbe adafika ku Durban mu 1860, ndipo ena mwa iwo adali Asilamu. Mu 1873 kudafika anthu owomboledwa m'zombo za akapolo, ambiri a iwo Amakua a kumpoto kwa Mozambique, amene mpaka lero amatchedwa Azanzibari. Iwowa adakhala ku Bluff, pafupi ndi nyanja, mpaka boma la tsankho lidawasamutsira ku Chatsworth. Choncho banja la Chisilamu likayala mkeka wa swala pa kapinga wa m'mbali mwa gombe lero, lizikumbukira kuti agogo a anzathuwa adaletsedwa zimenezi, ndipo lizithokoza Allah.

SWALA YA PAULENDO

Chinthu choyamba titangoimika kalavani kudali kupeza Qibla. Kuchokera ku gombe limeneli, Makka ili kumpoto, kupendekera pang'ono kum'mawa, pafupifupi monga momwe timayang'anira kwathu ku Mangochi. Kampasi musaigwiritse ntchito m'kati mwa kalavani kapena pafupi ndi galimoto, chifukwa zitsulo zimaisokoneza.

Ambiri a ife a kunyanja timatsata madhihabu a Imam Shafi'i. M'madhihabu amenewa munthu woyenda mtunda wa makilomita pafupifupi 80 amaloledwa kufupikitsa Dhuhr, Asr ndi Isha kukhala maraka awiriawiri, komanso kuphatikiza Dhuhr ndi Asr, Maghrib ndi Isha. Chilolezo chimatha ngati watsimikiza kukhala pamalo masiku anayi athunthu, osawerenga tsiku lofika ndi tsiku lonyamuka. Ife tidafika Lamulungu n'kunyamuka Lachinayi, ndiye kuti masiku athunthu adali atatu, ndipo tidali ndi ufulu wofupikitsa. Tidasankha dala kunyamuka Lachinayi kuti Jumu'a ikatipeze ku Durban. Dziwaninso kuti wochokera ku Durban n'kukaima ku Scottburgh, mtunda wa makilomita pafupifupi 60, sadakwanitse mtunda wa chilolezo.

Abale athu ambiri Achimwenye amatsata Imam Abu Hanifa. Kwa iwo malire ndi masiku 15, ndipo saphatikiza swala pa ulendo wamba. Mukaona mnansi wanu akuchita mosiyana nanu, musayambe mkangano, pakuti zonsezi ndi njira za maulama odziwika. Nthawi za swala nazo n'zosiyana ndi za kwathu chifukwa dziko lija lili kumwera kwambiri. M'mwezi wa June dzuwa limatuluka cha m'ma 6:50 n'kulowa itangopitirira 5 koloko, pamene mu December limatuluka 5 koloko isanakwane n'kulowa cha m'ma 7. Tengani ndandanda ya nthawi ya ku mzikiti wa kumeneko, ya kwathu muisiye.

Zimbudzi za m'malo amenewa nthawi zambiri sizikhala ndi madzi odziyeretsera, choncho aliyense azilowa ndi botolo lake. Pochita udhu musasiye madzi ali mbwee pansi, chifukwa ogwiritsa ntchito ndi ambiri ndipo Chisilamu amachiwerenga pa khalidwe lathu. Madzi a m'nyanja yamchere ndi oyera, munthu angathe kuchita nawo udhu.

MOTO, NYAMA NDI ANANSI

Dzuwa likalowa, pafupifupi pa kalavani iliyonse pamayaka moto wowotchera nyama, chimene iwo amati braai. Apa mpofunika kusamala. Waya wowotcherapo umene mumaupeza pamalo udaotchapo nkhumba ndi masoseji osadziwika, ndiye banja la Chisilamu libwere ndi waya wake, mpeni wake ndi thabwa lake lodulirapo. Nyama tidagula ku butchala ya Asilamu ku Durban n'kuisunga m'firiji. Pa zakudya za m'sitolo yang'anani chidindo cha halaal cha mabungwe monga SANHA, limene lidakhazikitsidwa mu 1996.

Anansi athu kudzanja lamanja adali banja lachikulire la Mabunu. Tsiku lachiwiri adatibweretsera nyama yowotcha m'mbale. Tidawathokoza, n'kuwafotokozera mofatsa chifukwa chimene sitingadye, ndipo madzulo ake tidawatumizira tiyi ndi mandazi. Kuyambira pamenepo bambo wa panyumbapo ankatsitsa wailesi akaona kuti tayala mikeka. Mowa ulipo wambiri m'malo oterewa, makamaka mu December, ndipo mavalidwe a pagombe si oti mwana wa Chisilamu aziwaona tsiku lonse. Posungitsa malo pemphani dera lakumapeto, kutali ndi dziwe ndi pomwera mowa. Amayi ndi atsikana amapeza mpata wabwino m'mamawa, gombe lisanadzaze.

Akuba enieni kumeneko ndi apusi. Amalowa pa zenera lililonse lotseguka n'kutenga buledi, nthochi ndi shuga, ndipo kuwapatsa chakudya n'koletsedwa. Chenjezo lina lalikulu ndi ili: musalowetse mbaula ya makala m'tenti kapena m'kalavani ngakhale kuzizire bwanji. Mpweya wa makala sununkha, ndipo umapha anthu ali m'tulo.

NYANJA IJA SI NYANJA YATHU

Mwana wa ku Malindi kapena ku Chipoka amadzitama kuti adabadwira m'madzi, koma safunsa adadya phula. Nyanja yamchere imadzala ndi kuphwa kawiri patsiku chifukwa cha mphamvu ya mwezi, ndipo mwezi ukakhala watsopano kapena wathunthu kusiyana kwake kumafika pafupifupi mamita 2. Ife amene timawerenga masiku potsata mwezi tingadziwiretu kuti kumayambiriro ndi pakati pa mwezi wa Chisilamu madzi amakwera kwambiri. Mwala umene mwakhalapo m'mawa ungamire masana.

Choopsa kwambiri ndi mkokomo wa madzi obwerera m'nyanja, umene umakoka munthu kuchoka kumtunda ngati mtsinje. Wolimbana nawo amatopa n'kumira. Ukakugwirani, yandamani, kwezani dzanja, kenaka sambirani chopingasa motsata gombe mpaka mutatulukamo. Sambirani pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu pokha, pamene pali opulumutsa anthu. Kuli nsomba zolusa zotchedwa shaki, ndipo maukonde oziteteza adayamba kuikidwa ku Durban mu 1952.

Asodzi athu angakondwe kumva za nsomba zazing'ono zotchedwa sardine, zokulirapo kuposa usipa, zimene zimabwera mwaunyinji m'miyezi ya June ndi July kuchokera kumwera, mbalame ndi shaki zikuzitsata. Anthu amazikokera kumtunda ndi makoka, ena amatunga ndi mabeseni. Nthawi imeneyi maukonde a shaki amachotsedwa ndipo kusamba kumaletsedwa m'magombe ena. Koma musaponye mbedza popanda chilolezo cha boma, ndipo nsomba zina zili ndi malire a kukula kwake, chiwerengero chake ndi nyengo yake. Kwa Ashafi'i zamoyo zokhala m'nyanja mokha n'zololedwa kudya, pamene Ahanafi amadya nsomba zokha, ndiye funsani musanamupakulire mlendo.

ZIMENE TINGATOLEKO

Choyamba ndi nkhani ya ndalama. Kupuma ndi banja n'kuona chilengedwe cha Allah si kulakwa, koma israafu ndi yoletsedwa. Mwana amene ali ku Joni asatenge ngongole ya katapira kuti aonetse makolo kuti zikumuyendera, pamene kumudzi fizi ya ana ndi feteleza sizidalipidwe ndipo Zakaat siyidaperekedwe. Makolo nawonso asamukakamize. Kunja kwa tchuthi cha sukulu mitengo imatsika, ndipo mabanja awiri angathe kugawana mtengo wa mafuta ndi chakudya.

Chachiwiri chikukhudza gombe lathu lomwe. Ngakhale malo amene tidakhalako adali ndi mpanda, mpandawo udathera pamene mchenga wayambira. Lamulo la ku South Africa la 2008 loyang'anira magombe limati gombe ndi la anthu onse, ndipo makhonsolo ayenera kuonetsetsa kuti pali njira zofikirako. Msodzi wosauka ankaponya mbedza pafupi ndi mwini kalavani yodula, popanda womuthamangitsa. Kwathu kuno malo ogona alendo akuchuluka ku Mangochi, ku Cape Maclear ndi ku Senga Bay, ndipo amabweretsa ntchito ndi msika wa nsomba. Koma malo a m'mbali mwa madzi akagulitsidwa popanda kuganizira, amayi amasowa pochapira ndi potunga, asodzi amasowa pokocheza ngalawa ndi poyanika usipa. Tikupempha mafumu, mashehe ndi makomiti a kugombe kuti pa mgwirizano uliwonse wa malo, njira ya anthu yopita kunyanja ndi doko la asodzi zilembedwe papepala, mboni zilipo, mwini watsopano asanamange mpanda. Mawu a pakamwa amaiwalika mfumu ikamwalira kapena malo akagulitsidwanso.

Chachitatu ndi ukhondo. Tsiku lonyamuka banja lililonse limatola zinyalala zake zonse, ndipo madzi oipa a m'kalavani amatayidwa pamalo ake okha. Ife amene timaphunzitsa ana athu ku madrasa kuti twahara ndi gawo la Imaani tiyenera kukhala oyamba kuchotsa mapulasitiki ndi maukonde otha pa gombe la mudzi wathu, ndi kumanga zimbudzi pa madoko pamene kolera imayambira.

Amene mukukonzekera ulendo wotere, funsani shehe wanu za malamulo a swala ya paulendo musananyamuke, ndipo musaiwale duwa yokwerera galimoto. Allah akuyendetseni bwino ndi kukubwezani kwanu mwamtendere. Ameen.