Udzudzu, damu la Kariba ndi ana a m'misewu: mabuku awiri achisamba a ku Zambia

M'chaka cha 1964, pomwe dziko la Zambia limalandira ufulu wodzilamulira, mphunzitsi wina wa sayansi, a Edward Mukuka Nkoloso, anali kalikiliki kukonzekeretsa achinyamata ulendo wa kumwezi. Amawalowetsa mumgolo n'kuugubuduza pachitunda kuti azolowere chizungulire cha m'mlengalenga. Pagululo panali mtsikana wina dzina lake Matha, yemwe amati adzakwera chombo pamodzi ndi amphaka awiri. A Nkoloso anafika popempha bungwe la UNESCO ndalama zokwana mapaundi 7 miliyoni. Atolankhani akunja anangoti kwagwa misala, osalabadira kuti mkuluyu anamenyako nkhondo yachiwiri ya dziko lonse komanso anazunzikapo pomenyera ufulu wa dziko lake.

Patatha zaka 55, Matha uja anatulukiranso m'buku la nthano yaitali lotchedwa The Old Drift, lachisamba kwa mlembi Namwali Serpell. M'bukumu si munthu wosekedwa ayi. Ndi mtsikana wanzeru zakuya amene moyo unamupinda, n'kukakhala ku Kalingalinga mumzinda wa Lusaka, misozi ili chuchuchu kwa zaka zambirimbiri osaphwa.

Serpell anabadwira ku Lusaka mu 1980 ndipo anasamukira ku America ali mwana. Pano amaphunzitsa payunivesite ya Harvard. Bukuli linatuluka mu 2019, koma mwini wake anayamba kulemba zidutswa zake akadali mwana wasukulu payunivesite ya Yale, kutanthauza kuti ntchitoyi inamudyera zaka pafupifupi 20. M'kati mwa zakazo amatulutsa nkhani zazifupi. Ina yotchedwa Muzungu inafika mundime yomaliza ya mpikisano wa Caine mu 2010, ndipo mu 2015 anapata mphotoyo ndi nkhani ya The Sack, kukhala munthu woyamba wa ku Zambia kutero. Ndalama zake, mapaundi 10,000, anagawana ndi anzake omwe anafika nawo kumapeto, ponena kuti kulemba nthano si masewero opikisana.

Dzina la bukuli likuchokera kumalo enieni. Old Drift kanali kamudzi ka azungu m'mbali mwa mtsinje wa Zambezi, kumtunda kwa mathithi a Victoria, pomwe anthu ankaolokera mlatho usanamangidwe mu 1905. Malungo anapulula anthu ambiri pamalopo mpaka otsala anasamukira komwe lero kuli mzinda wa Livingstone. Serpell akuyambira pomwepo, ndi mzungu wojambula zithunzi Percy Clark, yemwenso anakhalakodi. Kuchoka apo nthano ikutsata mabanja atatu, lina lochokera ku Italy, lina ku England ndi lina la m'dzikomo, kudutsa mibadwo ya agogo, amayi ndi zidzukulu, mpaka magazi awo atasakanikirana, amwenye nawonso alowamo.

Agogo atatuwo ndi ovuta kuwaiwala. Sibilla anabadwa ndi tsitsi lomera thupi lonse, losaleka kukula. Agnes anali katswiri wa mpira wa tenesi ku England, anachita khungu, n'kukwatiwa ndi mnyamata wachikuda amene anabwera naye kwawo. Wachitatu ndi Matha wa misozi uja.

Koma chodabwitsa kwambiri ndi amene akulumikiza mitu ya nthanoyi: udzudzu. Pakati pa mutu ndi mutu, khamu la udzudzu limayankhula ngati gulu, kukumbutsa anthu kuti iwo analipo mzungu Livingstone asanafike, ndipo akhala akuyamwa magazi a bwana ndi wantchito mosasankha. Aliyense amene anagonapo usiku wa dzinja kunyanja kapena ku Chigwa cha Shire popanda masikito akudziwa kuti palibe mboni ina yoyandikira khutu la munthu kuposa kachilomboka. Apa mlembiyu anaganiza mozama.

Mmalawi wowerenga bukuli sakhala mlendo. Damu la Kariba, lomwe lili pamtima pa nthanoyi, linamangidwa pakati pa 1955 ndi 1959 pansi pa boma la chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chitaganya chomwe makolo athu anachikana kwamtuwagalu. Omanga ake anali makampani a ku Italy, n'chifukwa chake m'nthanomu muli banja la kumeneko. Madzi atadzaza chigwa, Atonga pafupifupi 57,000 a mbali zonse ziwiri za mtsinje anachotsedwa pamalo a makolo awo. Mawu a Chinyanja nawo akupezeka apo ndi apo pakati pa Chingerezi, monga momwe anthu amayankhulira m'minibasi za mu Lusaka.

Chilungamo chake, bukuli ndi lolemera. Masamba ake amapitirira 500, anthu ake ndi ankhaninkhani, ndipo chakumapeto limalumphira m'tsogolo, m'dziko la tindege tating'ono tonga udzudzu ndi mafoni oikidwa m'chikhatho. Wowerenga amene anakopeka ndi mbiri ya kumayambiriro akhoza kuona ngati wasochera. Komabe kulimba mtima komweko n'kumene kunachititsa kuti mu 2020 lipate mphoto ya Arthur C. Clarke, ya nthano za sayansi ku Britain. Chaka chomwecho Serpell analandiranso mphoto ya Windham-Campbell, ya madola 165,000.

M'chaka cha 2019 munatulukanso buku lina lachisamba lomwe silinamveke kwambiri kunja, koma ndi lobaya mtima. The Mourning Bird analemba ndi Mubanga Kalimamukwento, loya wa ku Zambia. Iye sanathamangire mbiri ya zaka zana. Anatenga mtsikana mmodzi wa zaka 11, Chimuka, amene makolo ake amwalira, n'kupezeka m'misewu ya Lusaka ndi mlongo wake wamng'ono. Nthawi yake ndi zaka za m'ma 1990, Edzi ikusesa mabanja, anthu akuopa ngakhale kutchula dzina la matendawo pamaliro.

Nkhani yotere siyofuna womasulira kwa munthu wa ku Limbe kapena ku Lilongwe. Ana opempha pamaloboti timawaona tsiku ndi tsiku, ambiri timangokweza galasi la galimoto kapena kufulumiza phazi. Kalimamukwento akumupatsa mwana wotereyu dzina, kwawo kochokera ndi pakamwa poyankhulira, ndipo wowerenga sangathenso kuyang'ana kumbali. Bukuli linaona dzuwa chifukwa linapambana mphoto ya Dinaane, yomwe amapereka kwa alembi omwe sanatulutsepo nthano yaitali, ndipo kampani ya Jacana ya ku Johannesburg ndiyo inasindikiza. Mu 2024 mlembiyu anapatanso mphoto ya Drue Heinz ku America ndi buku la nkhani zazifupi.

Pali chinthu chimodzi chomwe chikuonekera pa amayi awiriwa, komanso pa Ellen Banda-Aaku, yemwe buku lake la Patchwork linapata mphoto ya Penguin mu 2010. Nthano zawo ndi za ku Zambia, koma khomo lotulukira linatsegukira kunja: ku Johannesburg, ku London, ku New York. Buku losindikizidwa kutali limafika kwawo litakwera mtengo, ndipo mwana wa ku Kalingalinga, yemwe dera lake lili m'bukumo, ndiye amakhala womaliza kuligwira. Izi n'zowawa, ndipo mlandu wake si wa alembi.

Kuno kwathu luso silikusowa. Mu 2014, pomwe anasankha alembi 39 a mu Africa osapitirira zaka 40 pamndandanda wa Africa39, dzina la Serpell linali limodzi ndi la Amalawi awiri, Stanley Onjezani Kenani ndi Shadreck Chikoti. Kenani anafika mundime yomaliza ya Caine kawiri, mu 2008 ndi 2012. Chikoti anapata mphoto ya Peer Gynt mu 2013 ndi Azotus the Kingdom, nthano ya m'tsogolo. Ndipo mwambo wa nthano yaitali si wachilendo: a Samuel Josia Ntara anatulutsa Nthondo m'chiyankhulo chathu chomwechi mu 1933, atapambananso mpikisano. Chofunika kwa mlembi wachinyamata wa ku Mzuzu kapena ku Zomba ndi mkonzi womuwerengera mosanyengerera, wosindikiza womukhulupirira, ndi owerenga okonzeka kutulutsa ndalama m'thumba.

Amene akufuna kulawa mabuku awiriwa ayambe ndi The Mourning Bird, ndi lalifupi ndipo limawerengeka msanga. The Old Drift asungire tchuthi, chifukwa limafuna nthawi ndi mtima wodekha. Oyang'anira malaibulale a m'sukulu za sekondale ndi m'makoleji athu ayesetse kugula onse awiri.