Malo ndi nthawi yosewera kwa ana a m'mabanja ovutika

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mwana wa zaka 5 mpaka 17 azilimbitsa thupi kwa mphindi 60 patsiku, mwakuti mtima uzigunda msanga ndi kutuluka thukuta. Kutero kumalimbitsa mtima, mafupa ndi minofu, komanso kumathandiza mwana kukhala tcheru m'kalasi. Kafukufuku amene bungweli lidatulutsa mu 2019 adapeza kuti ana 81 mwa 100 aliwonse a zaka 11 mpaka 17 safika pa mulingowu, ndipo otsalira kwambiri ndi atsikana.

Anthu ambiri amaona ngati vutoli ndi la ana a kumayadi okhalira kanema ndi foni. Zoonadi, mwana wa ku Ndirande, Mtandire kapena Chinsapo amapita kusukulu wapansi, amatunga madzi, amayenda ndi beseni la mandasi pamutu. Koma ntchito zoterezi sizingalowe m'malo mwa masewera. Posewera ndi pamene mwana amathamanga, kudumpha, kugwa ndi kudzuka, n'kuphunzira kugonja popanda ndewu.

Zipangizo sizivuta kwenikweni. Anyamata amatola majumbo, kuwakulunga molimba ndi kuwamanga ndi chingwe, mpira wachikulunga wapezeka. Miyala iwiri ndiyo goli. Pa fulaye, atsikana awiri amagenda mnzawo wapakati ndi kampira, iye n'kumazinda uku akuwerama kuthira mchenga m'botolo kuti lidzaze asanamulase. Mphindi khumi zokha za masewerawa, mwana amakhala ali wefuwefu. Jingo imangofuna chingwe.

Chimene chikusowa ndi malo. M'makomboni nyumba zathithikana, mabwalo ena adagawidwa kukhala mapuloti, ndipo tinjira ta fumbi tomwe ana ankasewerapo tadzaza njinga zamoto za kabaza. Makhonsolo ndi mafumu akamagawa malo osasiyako bwalo, amalanda ana chinthu chimene makolo osauka sangathe kuwagulira. Bwalo la sukulu kapena la tchalitchi liyenera kukhala lotsegukira ana a m'deralo madzulo ndi Loweruka, pakhale wamkulu wowayang'anira.

Njala nayo ndi chopinga. Mwana amene wachoka kunyumba osalawa kanthu sangathamange, n'chifukwa chake phala la kusukulu, monga lomwe bungwe la Mary's Meals lidayamba kupereka m'Malawi mu 2002, ndi gawo la nkhani yomweyi. M'sukulu za pulayimale masewera ali mu phunziro la Expressive Arts, koma m'makalasi odzaza, maka mayeso akayandikira, nthawi yotuluka panja ndi imene imayamba kudyedwa. Kumeneko n'kulakwira ana.

Kwa atsikana vuto lalikulu ndi nthawi. Akaweruka kusukulu amapeza mbale, mwana wobereka ndi moto zikuwadikira, pomwe alongo awo ali kubwalo mpaka mdima. Tabitha ndi Temwa Chawinga, ochokera ku Rumphi, lero ndi akatswiri a mpira wamiyendo odziwika kunja, ndipo Temwa adasankhidwa kukhala wosewera wopambana mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024. Si mtsikana aliyense adzafike pamenepo, koma aliyense thupi lake likufunika ola limodzi lija lochita masewera patsiku. Makolo akagawa ntchito zapakhomo mofanana pakati pa anyamata ndi atsikana, olalo limapezeka popanda kutulutsa ndalama.