ZA MANJA OUMA NDI OSUPUKA KHUNGU

Inu eni nyumba, mudziwa kusamala zipangizo zanu. Khasu likaguluka mulisemera mpini wina. Njinga ikalira muithira mafuta. Nkhwangwa simuisiya pamvula. Koma ciripo cipangizo cimodzi cimene ambiri saciyang'anira, ndico dzanja logwira khasulo. Munthu amene zala zace zang'ambika sakhoza kufumbata mpini, kapena kusoka fodya, kapena kukama ng'ombe. Ndipo akakhala pansi masiku khumi nyengo yakupalira, udzu sumlindira iai. Cifukwa cace tifuna kunena nanu za khungu la m'manja louma, lokakala ndi losupuka, limene libwera caka ndi caka.

CIMENE CIUMITSA KHUNGU

Khungu la munthu liri ndi mafuta aceace, amene atsekera madzi a m'thupi kuti asauluke msanga, monga umo udzu wophimbira usunga cinyezi pa nazale. Mafutawo akasukuluka, khungu liuma, lituwa, nkuyamba kusweka monga dothi la m'dambo mwezi wa Okutobala.

Zosukulula mafutawo ziri pakhomo panu pomwe. Coyamba ndi madzi. Manja amene anyowa nauma, nanyowanso tsiku lonse, ndiwo asweka msanga. Cifukwa cace akazi anu, amene acapa, natsuka mbale, nabviika mphale, abvutika koposa inu. Caciwiri ndi zoyeretsera zaukali, ndizo sopo waufa, phulusa ndi cidulo. Cacitatu ndi za kunchito: simenti yaiwisi ndi laimu zitentha khungu, fetereza ayamwa madzi monga mcere, ndipo parafini kapena petulo, amene ena acotsera phula la fodya ndi girisi, acotsa pamodzi ndi mafuta a khungu. Cotsiriza ndi mphepo ya mwera ya m'miyezi ya Juni ndi Julayi, imene iumitsa manja monga iumitsa cimanga m'nkhokwe.

COCITA TSIKU LIRI LONSE

Mankhwala ace sali apatali: mafuta amene acoka abwezedwe, ndipo zowacotsa zicepe.

1. Sambani m'manja ndi madzi ofunda pang'ono, osati otentha, ndi sopo wamtanda wosamba. Musaleke kusamba m'manja musanadye ndi pocokera kucimbudzi. Kuuma kwa khungu kucepa poyerekeza ndi kolera.

2. Musakhule khungu lokakala ndi mwala kapena mcenga, ndipo losupuka musalikoke ndi mano. Pansi pace pali khungu lanthete losakhwima. Ngati kacikopa kalendewera, kaduleni ndi lumo latsopano.

3. Dzolani mafuta manja asanaumitsitse, pakuti mafuta atsekera madzi amene alipo kale; sabweretsa ena. Vaseline ndiye wokhalitsa pakhungu. Akasowa, mafuta a mpendadzuwa, a mtedza kapena a nsatsi athandiza munthu wamkuru, akakhala oyera ndi osasasa. Koma nthanga za nsatsi ndi ululu wakupha. Zisungeni kutali ndi ana.

4. Usiku dzolani mafuta ambiri, makamaka m'ming'alu ndi m'mbali mwa zikhadabo, ndipo kulungani manja ndi kansaru koyera kufikira m'mawa. Kudzola kwa usiku ndiko kupindula koposa, popeza manja apumula.

5. Pogwira simenti, fetereza kapena mankhwala opopera mbeu, bvalani magolovesi a mphira. Mukawabvula muwatsuke, muwatembenuze, aume. Pakuti thukuta lokhalira m'katimo nalonso lidya khungu. Fetereza muthire ndi kacikho, si ndi dzanja.

6. Salazani mpini wa khasu ndi kuudzoza mafuta pang'ono, kuti usapale zikhatho.

Phula la fodya licoka bwino mukayamba mwatikita ndi mafuta ophikira, ndi kusamba ndi sopo pambuyo pace.

Musataye mtima pakutha masiku atatu. Khungu latsopano limera kucokera pansi, ndipo litenga monga mwezi wathunthu kuti lifike pamwamba. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Ndipo manja akapola musaleke kudzola, pakuti nthendayi ibwerera pomwe mwaiwala botolo.

ZA MING'ALU YOTURUKA MWAZI

Mng'alu ndiwo khomo lotseguka. M'dothi ndi m'manyowa a m'khola mukhala tizirombo ta kafumbata, nthenda youmitsa nsagwada, imene ipha ambiri mwa oigwidwa nayo. Tsono mng'alu wakuya muutsuke ndi madzi owiritsa ndi sopo, muudzoze Vaseline, ndi kuumanga musanapite kumunda. Musathiremo dothi, ndowe, madzi a m'batire kapena oilo wa galimoto. Funsani kucipatala ngati katemera wanu wa kafumbata ali wokwanira. Dzanja likatupa, likatentha, likacita mafinya, kapena mwanabele akaturuka m'khwapa, pitani tsiku lomwelo.

SI KUUMA KONSE KUMVA MAFUTA

Mukadzola mokhulupirika mwezi umodzi osaona kusintha, dziwani kuti pali cina, ndipo dotolo aone. Kuyabwa kwa usiku ndi tizironda pakati pa zala, m'nyumba monse mukukandana, ndiwo mphere. Onse a m'nyumbamo alandire mankhwala pamodzi. Dzanja limodzi lokha likamasupuka, ndi mapazi omwe, kawirikawiri ndi nthenda ya mtundu wa zipere. Mawanga a m'zikhatho ndi kupansi kwa mapazi osayabwa akhoza kukhala cindoko. Ndipo dzanja louma losaturuka thukuta, losamva moto kapena munga, likhoza kukhala khate. Nthendayi icizika ndi mankhwala aulere a miyezi 6 kapena 12, ndipo wofulumira sapunduka. Mafuta aukali ogulitsidwa pamsika, makamaka oyeretsa khungu, muwapewe. Aleka kuyabwa masiku owerengeka, koma apyapyalitsa khungu ndi kukuza zipere.

NTHENDA YOCOKERA M'NKHOKWE

Pali nthenda imodzi imene ikhudza inu alimi koposa zonse, dzina lace pelagra. Khungu la kuseri kwa manja onse awiri, ndi la m'khosi, ndi ponse pofika dzuwa, lifiira monga lapsa, lida, nkusupuka. Ndipo malire ace ndi khungu labwino aoneka poyera monga pothera malaya. Pambuyo pace pabwera zironda m'kamwa, kutsegula m'mimba ndi kusokonezeka mutu, wosathandizidwa amwalira.

Nthendayi siipatsirana, ndiponso si ya ufiti. Idza posowa cakudya cina ca thupi cochedwa niacin, cimene thupi silicipeza cokwanira m'cimanga, makamaka mu ufa woyera. Igwira iwo akudya nsima ndi ndiwo zocepa miyezi yambiri, ndi iwo akumwa kacasu kosaleka. Joseph Goldberger, dotolo wa ku America, anayamba kuifufuza m'caka ca 1914, naonetsa kuti gwero lace ndi cakudya. Ndipo mu 1937 kunadziwika kuti niacin ndiye wosowayo. Ngakhale kuno kwathu inaoneka: mu 1990 anthu pafupifupi 18,000 mwa othawa nkhondo ya ku Mozambique, okhala m'Malawi, anadwala pelagra, mtedza utaleka kufika pa cakudya cimene anali kulandira.

Phunziro lace nali. Wodwala apite kucipatala, kumene mapiritsi ace amciza msanga. Koma kuitsekera kunja nthendayi ndi nchito ya mwini munda. Mtedza uli ndi niacin wambiri; nyemba, nandolo, khobwe, usipa, mazira, mkaka ndi nyama nazonso zichinjiriza. Tsono pogawa munda wanu caka cino, musapatse cimanga ndi fodya mizere yonse. Ndipo mukakolola mtedza musagulitse wonse pa mtengo wa Juni. Patulani matumba a pakhomo ofikira Febuluwale, kuti nsinjiro isasowe m'ndiwo nyengo ya njala.

Madzulo ano itanani a m'nyumba mwanu, akazi anu, ana ndi okalamba omwe, muyang'ane manja ao m'kati ndi kuseri. Amene auma cabe muwadzoze. Amene ali ndi zizindikiro tachulazi muwaperekeze kucipatala mvula isanagwe.